Nthabwala Zomwe Zidatigwira Dzanja mu Januwale wa 2021

Patha zaka zingapo tsopano kuchokera pa 12 Januwale 2021, tsiku lomwe dziko la Malawi lidataya nduna ziwiri dzuwa lisanalowe. A Lingson Belekanyama, nduna ya maboma ang'ono, ndi a Sidik Mia, nduna ya zamtengatenga, onse adamwalira ndi Covid-19 tsiku limodzi. Tsiku lomwelo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adalengeza kuti dziko lili pangozi. Mwezi usanathe, pa 31 Januwale, woimba Wambali Mkandawire naye adatisiya. Awa ndi omwe mayina awo adamveka pa wailesi. Kumbuyo kwawo kunali aphunzitsi, abusa, ansembe, anamwino, madalaivala ndi amayi a geni, anthu omwe imfa zawo tidazimvera pafoni.

Aliyense amene anali pa WhatsApp mwezi umenewo akukumbukira momwe tsiku linkayambira. Ukatsegula masitetasi m'mawa, unkapeza kandulo ikuyaka pa chithunzi chakuda, pansi pake dzina. Ukapita kwa wina, nkhope ya munthu amene udaphunzira naye kusekondale. Foni ikalira usiku, mtima unkayamba wagunda usanaone woimbayo. Pa bwalo lamasewero la Bingu ku Lilongwe padatsegulidwa chipatala chapadera, nyumba ya boma ya ku Zomba nayo idayamba kulandira odwala, ndipo nkhani ya masilinda a okosijeni idafika mpaka pamjigo.

Pafoni yomweyo, pakati pa makandulo omwewo, pankadutsanso zoseketsa, ndipo tinkaseka ndithu. Ambiri lero sakonda kuzitchula, poopa kuti kuseka m'mwezi wa maliro kuoneka ngati mwano kwa omwe adapita. Ine ndikuti chikumbutso cha masiku aja n'choperewera tikasiya mbali imeneyi. Nthabwala za pa intaneti zidagwira ntchito yomwe kwathu kuno amagwira adzukulu pamaliro, pa nthawi yomwe maliro enieniwo tidaletsedwa kusonkhanapo.

Kusekaku kudayamba matendawa akadali kutali. Pamene a Peter Mutharika, omwe ankatsogolera dziko nthawi imeneyo, ankalengeza pa 20 Malichi 2020 kuti dziko lili pangozi ndi kuti sukulu zitsekedwe, m'dziko muno munali musanapezeke ngakhale munthu mmodzi wa kachilomboka. Atatu oyamba adalengezedwa pa 2 Epulo ku Lilongwe. Nthabwala za masiku amenewo zinali zopepuka. Anthu ankati awa ndi matenda a okwera ndege, okwera kabaza sawadziwa. Akumwa kachasu ankati iwo adayamba kale kupha tizilombo, kuyambira kukhosi mpaka m'mimba. Wina akangotsokomola mu minibasi, mitu yonse inkatembenuka, ndipo madzulo ake nkhaniyo inkapezeka pa gulupu itathiridwa kale mchere. Boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo, mavenda adatuluka m'misewu kunena kuti njala iwapha kachilombo kasanawapeze. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC lidapita kukhoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso. M'bindikiro udathera kukhoti usanayambe, magulupu n'kuseka nazo sabata yonse. Kenaka kudabwera misonkhano yokopa anthu pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni, anthu atathithikana pabwalo, masiki ali pachibwano. Mu kuseka kwa miyezi imeneyo munali kusakhulupirira kwambiri kuti matendawa aliko, ndipo mbali imeneyo sindingaiikire kumbuyo.

Zambiri zomwe tinkatumizirana zinkachokera kunja. Ku Ghana kuli gulu la anyamata onyamula maliro, mtsogoleri wawo Benjamin Aidoo, omwe amavina atasenza bokosi pamapewa, atavala masuti ndi magolovesi oyera. Kanema wawo adajambulidwa zaka zingapo mliri usanayambe, koma mu Malichi ndi Epulo 2020 anthu adamulumikiza ndi nyimbo ya Astronomia ndipo adazungulira dziko lonse. Munthu akaoneka akuchita zosasamala, chithunzi chinkadumpha n'kufika pa anyamata aja akuvina ndi bokosi. Ambiri kunja adadabwa kuona imfa ndi gule pamodzi. Kwa ife, zoti onyamula maliro akhoza kuseketsa anthu sizinali zachilendo.

Zina zinkachokera ku South Africa, kudzera mwa abale athu a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Kumeneko m'bindikiro udayamba kumapeto kwa Malichi 2020, wokhwima zedi, mowa ndi fodya zomwe zitaletsedwa. Pa 23 Epulo mtsogoleri wa dzikolo, a Cyril Ramaphosa, pomaliza kulankhula ku mtundu wawo, adayesa kuvala masiki koma idakaphimba maso, ndipo mawa lake iwo eni adaseka nawo. Nduna ina, mayi Nkosazana Dlamini-Zuma, idafotokoza kuopsa kopatsirana fodya wopichira yemwe wamatidwa ndi malovu, ndipo mnyamata wina woimba, Max Hurrell, adatenga mawu awo n'kupanga nyimbo yovinika. Omwe ankatitumizira zimenezi anali anthu oti maganyu adaima, lendi ikuwadikira, pakhomo apolisi ndi asilikali akuyendayenda. Mlamu amene mwezi ndi mwezi ankatumiza kangachepe kumudzi tsopano analibe choti atumize, komanso sakanatha kunena. Ankatumiza kanema woseketsa. Kumudzi ankamva kuti munthuyo ali moyo ndipo mutu ukugwira, ndipo palibe ankafunsa za ndalama. Gule wa Jerusalema, nyimbo ya Master KG ndi Nomcebo Zikode, yemwe adatchuka achinyamata a ku Angola atamuvina mbale za chakudya zili m'manja, adafika mpaka m'mabwalo a zipatala, anamwino akuvina atavala yunifolomu.

Koma pachimake pa nkhaniyi ndi pamaliro. Pamwambo wathu, anamfedwa sagwira ntchito. Okumba manda, okonza thupi ndi onyamula bokosi ndi adzukulu, ndipo mwambo umawapatsa ufulu womwe wina aliyense alibe, woseka ena akulira. Kumanda, makasu akulandiridwa dzanja ndi dzanja, nthabwala sizitha. Usiku pasiwa, nyimbo zikayamba kuzilala, mayi wina amatha kuvala jekete kapena chipewa cha malemu n'kulowa akuyenda momwe ankayendera, akukalipa momwe ankakalipira ana akaponda m'dimba. Anamfedwa amaseka misozi ili m'masaya. Ku Zambia, Angoni a ku Chipata ndi Abemba ali ndi chimbuya chawo, amanyozana ndi kuthirana ufa pamaliro pomwepo, ndipo palibe amene amakwiya. Makolo athu ankadziwa kuti munthu sangalire usiku wonse osapuma. Ankadziwanso kuti wolira amafunika wina womukumbutsa kuti amene wagona m'bokosiyo anali munthu wa zizolowezi zake, wa mawu ake, woseketsa nthawi zina osadziwa n'komwe.

Covid-19 idatilanda zonsezi. Malamulo a mu Januwale 2021 adati pamsonkhano pasapitirire anthu 50, ndipo ikakwana 9 koloko usiku aliyense akhale kwawo. Kugona pasiwa kudatha. Thupi la womwalira ndi matendawa linkakulungidwa m'mapepala apulasitiki, osaona nkhope, ndipo oika anali azaumoyo. Timati maliro n'kulirana, koma mwezi umenewo aliyense adalira m'nyumba mwake.

Malume anga adamwalira chakumapeto kwa mwezi womwewo. Galimoto idachoka kuchipatala n'kulunjika kumanda, osadzera pakhomo. Adatsika anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmodzi atabereka mpope kumsana, akupopera bokosi, zingwe, ngakhale pomwe waponda mnzake. Amayi anga, omwe ndi mlongo wawo wa malemuwo, adawaimika patali pansi pa mtengo wa mango, chitenje chili kukamwa. Zonse zidatha dzuwa lisanafike pamutu. Ambirife tinali m'matauni ndi kunja, ndipo maliro tidawaonera pa zithunzi zomwe mchemwali wanga ankatumiza pa gulupu ya banja. Tsiku lonse pa gulupupo pankangobwera mawu oti pepani, mzimu wawo uuse mumtendere. Amayi adakana nsima masana, adakananso madzulo.

Usiku, mdzukulu wina wa malume amene amakhala ku Johannesburg adatumiza mawu ojambula. Adayamba n'kutsokomola kawiri monga malume ankachitira akafuna kuti aliyense akhale chete, kenaka ndi liwu lawo lenileni lokoka lija adati: "Iwe mwana iwe, tiyi ameneyu shuga wake ali kuti? Akadali ku Nchalo?" Malume sankamwa tiyi osadandaula za shuga, ngakhale utathira masupuni angati. Mchemwali wanga adaika foni pakhutu pa amayi. Akuti adayamba aseka, kenaka adalira kwambiri kuposa momwe adalirira kumanda, kenaka adasekanso. Adalanda foniyo n'kujambula yankho: "Mwana iwe, wandiseketsa pamaliro a achimwene. Tabwereza." Adabwereza, ndipo ena adalowapo. Wina adatengera momwe malume ankatsitsira mtengo wa mbuzi pamsika, wina momwe ankayambitsira nyimbo kutchalitchi mokweza kwambiri mpaka amayi a kwaya kulephera kufikapo. Gulupu idakhala maso mpaka tambala woyamba. Usiku umenewo amayi adadya.

Mabanja ambiri ali ndi nkhani yofanana nayo, ndipo akatswiri nawo adaifufuza. Mu Disembala 2020, Jessica Myrick wa ku Penn State University ku America ndi anzake, Robin Nabi ndi Nicholas Eng, adachita kafukufuku pa anthu 748. Ena adawaonetsa zithunzi zoseketsa za pa intaneti, ena mawu wamba. Omwe adaona zoseketsa adanena kuti mtima wawo udapepukirako. Chomwe chimandikhudza kwambiri n'choti omwe adaona zoseketsa zonena za Covid-19 yeniyeniyo adanena kuti nkhawa yawo pa matendawa inali yochepa kuyerekeza ndi omwe adaona zoseketsa za nkhani zina. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2021. Ndiye kuti phindu silinali kuiwala mliri. Nthabwala inkalola munthu kuyang'ana chinthu chomwe akuchiopa popanda kugwa nacho. Zili ngati mayi amene watula mtolo wa nkhuni panjira: sanautaye, wangopumitsa khosi kuti ausenzenso.

Palinso china chomwe kafukufuku wa kutali sangachione bwino. Mantha amakula munthu akakhala yekha, ndipo mliri udatipatula dala kuti tipulumuke. Amene adatsekeredwa m'chipinda masabata awiri, mbale ikusiyidwa pakhomo, ankafuna umboni woti anthu sanamutaye. Mawu oti tikukupemphererani ankathandiza, koma akachuluka ankamukumbutsa wodwalayo kuti ali pafupi ndi manda. Mnzake akamutumizira chithunzi cha munthu atadzifunditsa bulangete pa mphika wa masamba a bulugama, thukuta lili kamukamu, n'kumufunsa ngati wapsa kale kuti apakule, wodwalayo ankamva kuti akumuwerengerabe pakati pa amoyo. Mwezi umenewo mitengo ya bulugama m'matauni idathyoledwa masamba mpaka pomwe dzanja limafika, mandimu ndi jinja zidakwera mtengo, ndipo tonse tinkamwa zowawazo kwinaku tikuseka omwe akumwa. Malo omwera mowa atalamulidwa kutseka 8 koloko, kudabuka nthabwala za amayi othokoza boma chifukwa ana ayamba kuwadziwa bambo awo. Bandulo ya WhatsApp ya ndalama zochepa inkakwanira kuti zonsezi zifike kutali. Amalawi ambiri analibe intaneti, ndipo mpaka lero ambiri alibe, koma foni imodzi pamudzi inkaseketsa khonde lonse, ndipo mawa lake nthabwalayo inkayenda pakamwa kupita kuchigayo ndi kumsika.

Kuseka kwina kunali kwa mkwiyo. Zitadziwika kuti K6.2 biliyoni yomwe boma lidatulutsa kuti ilimbane ndi mliri sidayende bwino, ndipo gawo lalikulu lidathera m'ma alawansi ndi kugula katundu mosatsata ndondomeko, anthu sakanatha kuguba momasuka monga adachitira mu 2019. Adagubira pa Facebook. Tsiku ndi tsiku kunkatuluka zithunzi ndi nthabwala za akuluakulu okambirana za mliri kunyanja pomwe odwala akusowa mpweya. Lipoti la kafukufuku wa ndalamazo litatuluka mu Epulo 2021, nduna ya zantchito a Ken Kandodo idachotsedwa ndipo anthu angapo adamangidwa. Sindikunena kuti nthabwala ndizo zidachita zimenezi. Zidathandiza kuti nkhaniyo isazizire, ndipo zidapatsa munthu wamba njira yonenera kuti waona.

Pamasamba omwewo pomwe tinkaseka ndi pomwe padabadwira ntchito ina yabwino kwambiri ya m'nyengo imeneyo. Bambo wina wogonekedwa pachipatala chachikulu ku Lilongwe adalemba pa Facebook kupempha kachipangizo kolumikizira silinda ya okosijeni kwa wodwala. Mwatsoka adamwalira. Mlembi Stanley Onjezani Kenani ndi anzake adayambitsa thumba la nzika wamba, ndipo Amalawi a kuno ndi a kunja adasonkha mamiliyoni ambirimbiri omwe adagulira masilinda ndi zipangizo zina, ndalama iliyonse ikulengezedwa poyera. Ambiri mwa osonkhawo ndi omwe aja ankatumizirana zoseketsa usiku. Anthu omwe ankaseka limodzi sadavutike kusonkha limodzi.

Si nthabwala zonse zomwe zinali za adzukulu. Mdzukulu amaseka khasu lili m'manja, ali m'kati mwa malirowo, ndipo saseka wolira. Kumapeto kwa Meyi 2020, Amalawi oposa 400 omwe adabwera pa mabasi kuchokera ku South Africa adathawa pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre pomwe ankawasunga podikira zotsatira za kuyezetsa. Anali atayenda masiku angapo kudutsa Zimbabwe ndi Mozambique, ntchito zitatha, ndipo ankadandaula za chakudya ndi zimbudzi pamalopo. Pa intaneti adasanduka choseketsa, anthu obweretsa matenda, omwewo omwe dzulo lake ankatitumizira ndalama za feteleza. Anamwino ena ankakanizidwa kukwera minibasi chifukwa cha yunifolomu, ndipo zimenezo nazo ena ankaziseka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: patangotha miyezi isanu ndi iwiri matendawa anali m'nyumba za osekawo.

Choipa koposa chinali bodza lovala nthabwala. Katemera woyamba, wokwana 360,000 wa AstraZeneca, adafika pa 5 Malichi 2021 kudzera mu ndondomeko ya COVAX. Asanafike n'komwe, mafoni anali atadzaza ndi zoti wobayitsa sadzabereka, zoti adzafa pakatha zaka ziwiri, zoti ndi chizindikiro cha 666. Wotumiza mtauni mwina ankangoseka, koma azakhali ake kumudzi ankazimva ngati chenjezo lochokera kwa mwana wophunzira. Pa 19 Meyi 2021 boma lidatentha katemera 19,610 yemwe adatha mphamvu. Adafika masiku ake atatsala ochepa, n'zoona, koma mantha a anthu nawo adachedwetsa ntchito yobaya. Funde lachitatu la mliriwu litafika pakati pa chaka chomwecho, ambiri adathamangira kuchipatala n'kupeza katemera watha. Amene adatumiza nthabwala zotere ali ndi gawo lawo pa zimenezi.

M'kati mwa funde lachitatulo, mu Ogasiti 2021, tidataya Eric Mabedi, Jakobo wa Izeki ndi Jakobo. Mnzake John Nyanga anali atatsogola kale. Awiriwa adatiseketsa pasiteji ndi pawailesi m'zaka zomwe Edzi inkatha anthu m'midzi ndi m'matauni, Facebook kulibe. Achinyamata omwe ankajambula timakanema pafoni mu 2020 ndi 2021 adatola mwambo womwe udalipo kale, ngakhale ena a iwo sadawaonepo awiriwa maso ndi maso. Ambiri mwa achinyamatawo sitikuwadziwa mayina. Chithunzi chinkafika chitadutsa m'manja ambiri, mwini wake osadziwika, ndipo palibe adalandirapo kanthu. Ayenera kuthokozedwa pamodzi ndi ena onse omwe adatisamalira.

Bungwe la WHO lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Ku Malawi, omwe adalembedwa kuti adamwalira ndi matendawa ndi oposa 2,600, ndipo ambiri a iwo adaikidwa mothamanga, popanda siwa, popanda nyimbo za usiku, popanda chipepeso. Foni idatithandiza kudutsa usiku umenewo, koma ngongole ya maliro ikadalipo. Ngati pali banja lomwe mudangolitumizira uthenga wa pepani mu 2021 chifukwa malamulo sankalola kupita, pitani mwezi uno. Tengani kankhuku kapena kathumba ka shuga, khalani pakhonde, ndipo muwafotokozere anamfedwa zoseketsa zomwe malemu ankachita ali moyo.